Funsani Mmisiri: Mpanda wa pulasitiki, chiswe ndi chimphepo cha mvula yoyamba

Chiumireni udzu, makalata a nkhani ya mpanda ndiwo achuluka patebulo panga. Ndasankhapo anayi. Yoyamba ndaipatsa malo ambiri chifukwa zomwe ndayankhamo zikukhudzanso enawo.

Bambo Mmisiri,

Ine ndimakhala ku Kapata, mu mzinda wa Chipata, m'nyumba yomwe anatisiyira malemu bambo a ana. Kuseri ndili ndi kadimba ka repu, chainizi, anyezi ndi tomato, ndipo bafa lili komweko. Chaka ndi chaka ndimagula udzu ndi nsungwi zomangira mpanda, koma mvula isanathe chiswe chimakhala chitadya nsichi zonse, mpanda n'kugona. Panopa odutsa m'kanjira amaona chilichonse, ngakhale atsikana anga akamachokera kosamba. Wall fence sindingaikwanitse pakali pano. Mwana wanga wa ku Lusaka akuti anditumizira mpanda woyera wa pulasitiki, wa mapanelo, ndipo zithunzi wandionetsa pa WhatsApp. Mbali yomwe ndikufuna kutchinga ndi mamita 24. Kodi zimenezi zingalimbe ndi dzuwa la kuno? Nanga mnyamata amene amatimangira angathe kuuika, poti sanauonepo?

*Mayi wa ana anayi, Kapata*

Amayi, pepani ndi chiswecho. Mpanda wogonawo ndikuudziwa bwino, chifukwa nanenso ndinakulira pakhomo pomwe Juni aliyense tinkapita kukamweta tsekera, n'kudzamanga ndi luzi chinthu chomwe tonse tinkadziwa kuti Febuluwale sichimufika. Mayi wolera ana aakazi m'mbali mwa njira ali ndi chifukwa chomveka chofunira mpanda wosaonetsa mkati.

Kulimba ungalimbe. Mpanda womwe mwana wanu akunenawo ndi wa pulasitiki yotchedwa PVC, mtundu womwewo wa mapaipi a madzi oipa aja. Chiswe sichiudya, mvula siuwoletsa, dzimbiri siligwirapo. Chomwe chimaugwetsa ndi china, ndipo ndifikapo.

Musanamuuze mwanayo kuti alipire, khalani kaye pansi ndi pensulo. Pa mtengo wa mapanelo muwonjezerepo wonyamulira kuchoka ku Lusaka, ulendo wa makilomita oposa 550 pa Great East Road, kenaka simenti, mchenga, miyala ndi malipiro a mnyamatayo. Zonsezo mugawe ndi 24 kuti mudziwe mtengo wa mita imodzi. Mukatero funsani womanga kuti mita imodzi ya mabuloko, kuphatikiza fandeshoni, ndi ndalama zingati. Ndaonapo anthu akugwira pakamwa atapeza kuti mitengo iwiriyi yangotsala pang'ono kufanana. Pomwe pulasitiki imapambana m'pakuti ntchito imatha masiku awiri kapena atatu, simukumba ngalande yaitali yodula mizu ya mango ndi mabedi a ndiwo, ndipo palibe za pulasitala kapena penti. Koma ndikuuzeni mosabisa kuti mpanda uwu umatchinga maso okha. Wakuba wokhala ndi chikwanje suungamuletse. Ngati kumtima kwanu kuli nkhawa ya akuba, ndalamayo muyambire mabuloko, ngakhale mzere umodzi umodzi.

Za dzuwa zili motere. PVC payokha siligwirizana nalo. Mwina munaonapo paipi yotayidwa kuseri kwa nyumba zaka ziwiri, yasanduka yachikasu, mukaiponda imangothetheka ngati chigoba cha dzira. Opanga mipanda yabwino amasakanizamo ufa woyera wotchedwa titanium dioxide, womwe umatchinga cheza cha dzuwa kuti chisadye pulasitikiyo, ndipo n'chifukwa chake mipanda yambiri yotere imakhala yoyera. Ufawo ndi wodula, choncho opanga zotchipa amauchepetsa, ndipo ndi maso simungasiyanitse tsiku logula. Mwana wanu afunse wogulitsa ngati katunduyo ali ndi chitetezo cha UV, kutanthauza cheza cha dzuwa chija, ndipo lonjezolo lilembedwe pa risiti pamodzi ndi zaka zake. Ayang'anenso kumapeto kwa nsichi, pomwe inadulidwa. Khungu lake lisachepere mamilimita 3. Akaifinya ndi manja n'kufobokera mkati ngati chigubu cha mafuta ophikira, aisiye.

Pa mamita 24, ngati panelo lililonse ndi la mamita 2.4 m'litali, mukufunika mapanelo 10 ndi nsichi 11. Nsichizi sizifanana. Zimabwera zobooledwa kale: ya pakati ili ndi mabowo mbali ziwiri zoyang'anizana, ya pakona ili ndi mabowo mbali ziwiri zogundana, ya kumapeto mbali imodzi yokha. Mujambule kamapu ka poloti yanu papepala, musonyeze makona ndi pomwe padzakhale geti, mumutumizire mwana wanu chithunzi. Aguliretu timatabwa ta panelo tiwiri kapena titatu tapadera, chifukwa kamodzi kakasweka panjira simudzakapeza mtundu womwewo m'masitolo a ku Down Shops kuno ku Chipata.

Katundu asanafike, pitani kwa aneba anu. Osatuma mwana, mupite nokha, mukhale pa mpando, muwauze zomwe mukufuna kuchita. Mufufuze limodzi mabikoni a poloti, ndipo chingwe chikokedwe iwo akuona. Milandu yambiri ya mpanda yomwe ndaitanidwako inayamba ndi malo osakwana phazi limodzi. Ine ndimakonda kulowetsa mpanda masentimita 10 mkati mwa poloti ya mwini wake, kuti ngakhale konkire ya pansi isadutse malire. Bikoni musaisunthe ngakhale itatsekereza, chifukwa kutero ndi mlandu. Mupitenso ku khonsolo ya mzinda wa Chipata, ku ofesi yoona za mapulani, mukanene kutalika kwa mpandawo ndi mbali yomwe uli. Lamulo la mapulani a matauni la 2015 linapatsa makhonsolo mphamvu pa zomangamanga za m'tauni, ndipo mbali yoyang'ana njira ndi yomwe amaiyang'anitsitsa. Mudziwenso komwe paipi ya kampani ya madzi ya Eastern Water ikudutsa kuchokera pa mita ya madzi kufika pa mpopi wanu, piki isanagwere pansi.

Tsopano za mnyamata wanu. Ngati amatha kuimika felemu ya chitseko osapendama, mpanda uwunso autha. Koma zotsatirazi mumuwerengere ali pomwepo, chifukwa ine ndinaziphunzira ndi ndalama za m'thumba langa.

Mpanda wanga woyamba wa mtundu uwu ndinauika ku Kalongwezi, pa nyumba ya aphunzitsi ena opuma pantchito. Munali mu Julayi, m'mawa kukuzizira mpaka zala kuuma. Pansi panali miyala, piki ikungodumpha, ndipo titafika masentimita 40 ndinauza anyamata kuti basi pakwana, poti panelo ndi lopepuka, munthu mmodzi amalinyamula. Zopingasa, zija zogona pakati pa nsichi ngati mbaliro, ndinazidula ndendende n'kuzikanikizira m'nsichi mothina, ndikusangalala kuti palibe pogwedera. Mu Okutobala anandiitana. Zopingasa za mbali ya kumadzulo zinali zitapindika ngati uta. Ndikukonzekera zodzakonza, mvula yoyamba inagwa usiku ndi chimphepo. M'mawa ndinapeza mapanelo anayi atagonera pa bedi la anyezi, nsichi zitazuka ndi tizibuma ta konkire kumapazi, ngati chinangwa chozulidwa. Eni nyumba sanandikalipire. Anangoima, manja kumbuyo, n'kunena motsitsa kuti anandikhulupirira. Ndinagula simenti ndekha, ndinabwereka chitsulo chophwanyira miyala, ndipo tinakumbanso maenje onse sabata yathunthu.

Chomwe ndinalephera kuganiza ndi chakuti mpanda wa udzu umapuma, mphepo imadutsamo, pomwe wa pulasitiki supuma. Aliyense amene ananyamulapo lata tsiku la mphepo akudziwa chomwe ndikunena. Panelo la mamita 1.8 m'mwamba ndi 2.4 m'litali ndi lalikulu pafupifupi ngati malata awiri. Chimphepo chothamanga makilomita 70 pa ola chimalikankha ndi mphamvu yoposa makilogalamu 100, ngati munthu wakuponyerani matumba awiri a simenti. Mphamvu yonseyo imatsikira pa nsichi, kuchoka pa nsichi n'kupita m'dzenje. Ndiye kulimba kwa mpanda wanu kuli pansi, pomwe odutsa sadzaona n'komwe.

Dzenje likhale lakuya masentimita 60 kapena kuposerapo, m'mimba mwake masentimita 30. Ngati dothi ndi lamchenga, kapena ndi lomwe limajenga madzi m'dzinja, afike 75. Izi zikutanthauza kuti nsichi ya mpanda wa mamita 1.8 iyenera kukhala yotalika mamita 2.4 kapena kuposa, ndiye mwana wanu ayeze asanalipire. Kunsi kwa dzenje kukhale kotakasuka kuposa kukamwa, ngati mtsuko, kuti chibuma cha konkire chisazuke. Pansi pake athire miyala ing'onoing'ono masentimita 10 n'kutsindira. Konkire asakanize ndi ndowa, osati moyerekeza ndi fosholo: ndowa 1 ya simenti, 2 za mchenga wa kumtsinje, 4 za miyala. Madzi akhale ochepa, konkire ikhale yolimba ngati nsima yomwe yatsala pang'ono kupsa, osati phala. Thumba limodzi la makilogalamu 50 limadzaza maenje atatu, mwina anayi. Mukaona thumba limodzi lakwanira maenje asanu ndi awiri, dziwani kuti pena pake pabedwa, kaya ndi kuya kwa dzenje kaya ndi simentiyo.

Chingwe akhome pa zikhomo ziwiri, chikokeke kuti nga. Pakona ayeze mamita 3 mbali imodzi, mamita 4 mbali inayo. Kuchoka pa chizindikiro china kufika pa chinzake pakhale mamita 5. Pakakwana 5, kona yakhala bwino.

Apa ndi pomwe omanga ozolowera mapolo a mitengo amalakwitsa. Amafuna kuzika nsichi zonse tsiku loyamba, mawa lake n'kudzalowetsa zopingasa. Ndi pulasitiki sizitheka, chifukwa mabowo anabooledwa kale ndipo nsichi ikauma pamalo olakwika, ngakhale ndi masentimita awiri, chopingasa sichifika kapena sichilowa. Azike nsichi yoyamba, aione ndi levulo mbali ziwiri. Alowetse chopingasa cha pansi, chija pa mpanda wa udzu tikanati mbaliro, ndipo kumapeto kwake ndiko kumuuze pomwe nsichi yachiwiri iime. Akatero aike timatabwa tolowana m'mphepete, atseke ndi chopingasa cha pamwamba, aonenso levulo, athire konkire, n'kupita patsogolo. Nsichi iliyonse aichirikize ndi nsungwi ziwiri mpaka mawa lake. Chopingasa cha pansi chabwino chimakhala ndi chitsulo mkati kuti chisagwe mimba pakati; mwana wanu afunse zimenezi pogula.

Chopingasa chisagunde kumapeto mkati mwa nsichi. Pulasitiki imatalika kukatentha, imafupika kukazizira, ndipo imatero kuposa chitsulo. Pakati pa m'mawa wa Juni ndi masana a Okutobala, chopingasa cha mamita 2.4 chimasintha ndi mamilimita pafupifupi 5. Chikasowa kopita chimapindika, ngati changa chija. Asiye kampata mbali zonse ziwiri, ndipo asamate ndi guluu kapena kukhomerera ndi misomali. Chikamalira pang'ono mukachigwedeza, ndiye kuti chaikidwa bwino.

Pansi pa mpanda pasiyidwe mpata wa masentimita 5. Chipata ndi wa mapiri, ndipo madzi a mu Januwale akamatsika amafuna njira. Mukawatsekera amadzikumbira okha pansi pa nsichi. Ngati anapiye a aneba akukuvutani, ikani kawaya ka nkhuku pa mpatapo. Poloti ikakhala yotsetsereka, mapanelo atsike ngati masitepe, lililonse lili chilili. Nsichi ziwiri za geti alowetsemo zitsulo za konkire ziwiri ziwiri n'kudzazamo konkire mpaka kupitirira hinjesi ya pamwamba, ndipo geti lisapachikidwe asanathe masiku atatu. Konkire yonse muzithirira madzi m'mawa ndi madzulo kwa sabata.

Pali china chomwe simunafunse koma chikukhudza ndiwo zanu. Imani moyang'ana kotulukira dzuwa; kudzanja lanu lamanzere ndiko kumpoto. M'miyezi yozizira, yomwe repu ndi chainizi zimakondwa, dzuwa la kuno limadutsa chakumpoto. Mpanda wa mamita 1.8 ukakhala kumpoto kwa dimba, mu Juni umaponya mthunzi wa pafupifupi mita ndi theka masana enieni, m'mawa ndi madzulo kuposa pamenepo. Udzu unkalowetsako kadzuwa, uwu sulowetsa. Mbali imeneyo muikeko kanjira, mulu wa manyowa kapena nazale, ndipo tomato ndi anyezi zisunthire pakati. Mpanda ukakhala kumwera palibe vuto.

Mbaula ndi dzenje lotenthera zinyalala zitalikirane ndi mpandawu mamita atatu. PVC imayamba kufewa isanafike ngakhale pa kutentha kwa madzi owira. Tizidutswa totsala podula mutitolere m'thumba, ana asatitenge kukakolezera makala monga amachitira ndi mapepala a pulasitiki. Utsi wa PVC uli ndi mpweya wa hydrogen chloride, umaotcha maso, kukhosi ndi m'mapapo.

Achikulire,

Ndine mnyamata wokwatira kumene, tikuchita lendi ku Mchini. Mkazi wanga wabzala ndiwo m'masaka kuseri kwa nyumba ndipo amachapira komweko, koma ndi poyera, moyang'anizana ndi malo omwera mowa. Alandilodi alola kuti nditchinge bola chikhale chochotseka. Ndalama ndi zochepa. Mnzanga akuti ndigule pepala lakuda la pulasitiki lija amayala pansi pothira silabu, wina akuti ndingogwiritsa ntchito maneti akale a udzudzu. Ndichite chiti?

*Mlendi, Mchini*

Mwana wanga, wachita bwino kuganizira ulemu wa mkazi wako. Koma zonse ziwiri uzisiye. Pepala lakudalo linapangidwira kukhala pansi pa konkire, kumdima. Padzuwa limauma, mphepo ya Ogasiti imalimenya usana ndi usiku, ndipo miyezi ingapo udzakhala ukutola zidutswa zake m'mabwalo a anthu. Za neti ya udzudzu ndikupempha ndithu: malungo akutitengerabe ana kuno kummawa, ndipo neti ikakhala pa mpanda ndiye kuti pali mphasa ina yomwe yatsala pambalambanda. Komanso imaonetsa mkati, ndiye palibe chomwe ungapindule.

Chomwe chikukuyenera ndi shade net, neti yobiriwira kapena yakuda ija amafundika pa nazale ndi poimika magalimoto. Imagulitsidwa pa mita m'masitolo a zaulimi, ndipo imalembedwa 40%, 60%, 80% kapena kuposa, kusonyeza kuchuluka kwa kuwala komwe imatchinga. Ya 40% ndi ya mbande. Iwe ugule ya 80% kupita m'mwamba, yoluka, chifukwa yoluka ukaidula siyosoka. Uone kuti palembedwa UV.

Mapolo atalikirane mamita 2, alowe pansi masentimita 50, utsindire dothi ndi timiyala pang'onopang'ono ndi mpini wa khasu, osathira konkire poti udzazula. Ukoke waya mizere itatu, pamwamba, pakati ndi pansi. M'mphepete mwa neti upinde kawiri usanamange, ndipo umange pa masentimita 30 aliwonse ndi kawaya kofewa. Pamene neti imayambira kung'ambika ndi pomwe yalendewera n'kumakupizidwa, ndiye uikoke ndithu. Ubwino wake mphepo ina imadutsamo, choncho siigwetsa mapolo ngati mapanelo aja. Kuipa kwake udzakuona usiku: babu ikayaka mkati, wa kunja amaona zithunzithunzi za anthu. Pochapira ndi posambira uike neti ziwiri zophatikiza, kapena uphatikize ndi mphasa ya bango mkati.

Mapolo ugule othiridwa mankhwala, obiriwirako aja, kuti chiswe chisakuchite zomwe chachita kwa amayi a ku Kapata. Akadzatha ntchito usadzawasandutse nkhuni, mankhwala ake ndi poizoni ndipo amatsalira mu utsi ndi m'phulusa. Oyilo wakuda wa galimoto, yemwe ambiri amapaka kunsi kwa mapolo, asayandikire ndiwo zodya. Ndipo zomwe mwagwirizana ndi alandilodi zilembedwe pa kapepala, nonse musainire, kuti tsiku losamuka pasadzakhale kukangana kuti mapolo ndi a yani.

Bambo Mmisiri,

Ine ndine mlimi kuno ku Katete. Dimba langa lili m'mbali mwa dambo, ndi lalikulu pafupifupi theka la ekala. Mbuzi ndi nkhumba za m'mudzi zandisowetsa mtendere. Chaka chino soya wandipatsako kangachepe, ndipo nditapita ku Chipata ndinaona mpanda woyera wa pulasitiki, wokongola kwambiri. Ndikufuna womwewo kudimba.

*Mlimi, Katete*

Bambo, ndalama ya soya mwaikhetsera thukuta, ndiye ndikuyankhani mosazungulira. Musagule.

Theka la ekala, likakhala lofanana mbali zonse, kuzungulira kwake ndi mamita pafupifupi 180. Amenewo ndi mapanelo 75, nsichi zoposa pamenepo, ndi matumba a simenti oposa 20. Zonsezo mukaziika m'dothi la kudambo, lomwe limafewa m'dzinja n'kung'aluka m'chilimwe, nsichi zidzayamba kuweramira uku ndi uku chaka chachiwiri. Nkhumba imafukula pansi, ng'ombe ikamva kuyabwa imadzikanda pa nsichi ndi thupi lonse. Choopsa kuposa zonsezi ndi lupsa. Anyamata osaka mbewa akangoyatsa dambo mu Sepitembala, ngakhale malawi asaugwire n'komwe mpandawo, kutentha kokha kumaukhwinyata, ndipo pulasitiki ikakhwinyata siwongoka. Mpanda wa udzu ukapsa mumamweta wina. Uwu ukapsa, soya wa chaka chonse wapita. Nanga kudimba mukubisala kwa yani? Mpanda uja ntchito yake ndi kutchinga maso, pomwe inu mdani wanu ndi pakamwa pa mbuzi.

Gulani waya woluka, uja wa mabowo ngati diso la nsomba, wotalika mamita 1.2 kapena 1.5, ndi mapolo othiridwa mankhwala. Kunsi kwa wayayo mukwirire pansi masentimita 15, ndi mzere umodzi wa waya waminga chapansi pomwe nkhumba imalowetsa mphuno. Ngati ndalama siikwana kuzungulira konse, yambani mbali yomwe ziweto zimachokera. Mvula ikayamba, bzalani mzere wa gliricidia mkati mwa wayayo. Mtengo uwu alimi a kuno akuudziwa, unayesedwa zaka zambiri pa malo ofufuzira zaulimi a Msekera, ndipo a bungwe la COMACO akhala akulimbikitsa kuubzala. Umaphuka ngakhale kuchokera ku nthambi yodula, masamba ake ndi manyowa a dimba lomwelo, ndipo mapolo akadzatopa mitengoyo idzakhala itakula moti waya mudzaumangirira pomwepo. Kunja kwake khonje amathandiza, mbuzi imalemekeza minga yake. Nkhadze imatchinga bwino, koma komwe kumasewera ana sindiikonda chifukwa utomoni wake ukalowa m'diso ndi zoopsa.

Chaka chilichonse udzu ukayamba kuuma, lambulani mamita atatu kuzungulira mpanda wonse. Ndipo poti ndi malo a mfumu, anyakwawa ndi eni madimba oyandikana nanu akhalepo tsiku lozika mapolo a m'makona.

Bambo,

Mpanda wa PVC tinaika kale zaka ziwiri zapitazo kuno ku Moth. Walimba ndithu, koma wafiira ndi fumbi, ndipo pafupi ndi mpopi wamera ndere. Amayi a kunyumba akufuna tiupake penti yobiriwira kwambiri kuti litsiro lisamaoneke. Geti nalonso layamba kukhula pansi.

*Wowerenga wanu, Moth*

Bambo, muwapepese amayi, pentiyo ayi. Mtundu wakuda kapena wobiriwira kwambiri umamwa dzuwa, ndipo mpanda womwe unapangidwa kuti ukhale woyera ukatentha kupitirira muyezo umapindika. Penti wamba siigwiranso bwino pa PVC; ikangodutsa mvula imodzi imayamba kusupuka, ndiye mudzakhala mwadzipezera ntchito ya chaka ndi chaka pa chinthu chomwe munachigula pothawa ntchito yomweyo.

Fumbi lofiiralo limachoka ndi madzi, sopo wa ufa ndi kansalu kapena burashi yofewa. Yambani mwatsira madzi okhaokha kuti mchenga utsike, apo ayi mudzaukanda. Tsukani m'mawa dzuwa lisanakwere. Pa ndere, sakanizani kapu 1 ya Jik ndi makapu 10 a madzi, pakani, dikirani mphindi 10, tsukuluzani ndi madzi ambiri, mutavala magolovesi ndipo mutafundika ndiwo zomwe zili pafupi. Jik musamusakanize ndi mankhwala ena otsukira. Waya wokwechera mapoto, petulo ndi thinner zisafikepo, zimachotsa kusalala kwa pamwamba ndipo fumbi limadzakakamira kuposa kale. Nderezo zikubwera chifukwa cha madzi odontha, ndiye musinthe kalabala ka mumpopi.

Za geti, tengani levulo muike pa nsichi yomwe ili ndi mahinjesi. Ngati nsichi ili chilili, vuto ndi getilo: limbitsani masikuluwu a mahinjesi, ndipo mumange waya wokoka kuchokera pa kona ya pamwamba ya mbali ya mahinjesi kutsikira pa kona ya pansi ya mbali ya loko, muukoke mpaka geti litukuke. Ngati nsichi ndi yomwe yaweramira, gogodani ndi chala. Ikalira ngati ng'oma ndiye kuti mkati mulibe kanthu. Chotsani geti, vulani kachipewa ka pamwamba pa nsichi, kumbani mbali yosiyana ndi komwe yaweramira, iwongoleni n'kuichirikiza ndi matabwa, thirani konkire yatsopano kuzungulira kunsi. Mkati mulowetsemo zitsulo ziwiri za mamilimita 12, mutseke mabowo a m'mbali ndi tepi, muthiremo konkire ya miyala ing'onoing'ono pang'onopang'ono uku mukugogoda kuti itsike. Masikuluwu a mahinjesi akhale ali m'malo mwake pothirapo, chifukwa ikauma simudzathanso kuboola bwino. Geti lidikire masiku atatu lili chogonera pa mthunzi, pamalo osalala, ndipo masiku amenewo ana azilowera kutsogolo.